Si Nsomba

Newcastle
4 Meyi 2025

Okondedwa amake Luso,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu, mwana ndi amayi. Ine kuno ndili bwino, kupatula chimfine chimene chakana kuchoka chiyambire Isitala. Ndaganiza zomalemba papepala ngati kale, n'kulijambula ndi foni n'kukutumizirani. Tikamayankhula netiweki imadula mawu pakati, komanso ndimamva kuti amayi amakhala ali pambali panu. Nkhani zina sizifuna makutu ambiri.

Ntchito ija ndinayamba, ino ndi sabata yachitatu. Mukukumbukira tindege tija timanyamula mankhwala kupita kuzipatala za kumidzi, tija amati droni? Kuno tikuwerengera nsomba. Bwana wanga ndi a Thompson, mzungu wa ndevu zoyera amene kale anali msodzi. Timayenda ola limodzi pa galimoto kulowera kumpoto, kukafika pamene mtsinje wina umathira m'nyanja. Pamenepo madzi ndi osaya, pansi pake ndi mchenga. Iwo amaulutsa droni itayang'ana pansi, ikujambula vidiyo. Popeza imadziwa kuti yakwera bwanji, kompyuta imatha kuyeza nsomba iliyonse popanda woigwira. Imaizinga ndi kabokosi kobiriwira n'kulemba pambali: masentimita 42, masentimita 55. Ntchito yanga ndi kukhala pa sikirini n'kumaona ngati yalondola. Ikayeza mwala kapena udzu wa m'madzi, ndimadina pamene analemba kuti si nsomba, kabokosiko n'kufufutika. Ku Bunda tinkayeza chambo ndi lula, manja ali mamba okhaokha. Lero ndikuyeza nsomba nditavala jekete, osanunkha n'komwe.

Mukaziona kuchokera kumwamba sizioneka ngati nsomba. Ndi timithunzi chabe, ngati mpunga wotayika, kungoti ukuyenda. Zambiri ndi mtundu wina wofanana ndi mpasa. Nyanja yakenso si ngati yathu. Kawiri pa tsiku madzi amaphwa n'kusiya mchenga wokhawokha mpaka kutali, kenako amabwerera, osachita phokoso.

Tsopano nkhani ija yosafuna makutu ambiri. A Mayeso a kumudzi kwathu aja, bambo a Kondie, ali kuno kwanga. Kampani yosamalira okalamba imene inawabweretsa ku Bolton yalandidwa chilolezo, ndiye onse amene inawalemba ntchito yawathera. Anafika Lachitatu ndi chikwama chimodzi. Akugona pansi m'chipinda changa, landilodi sakudziwa. Apempha kuti amake Kondie asamve mpaka atapeza ntchito ina. Mukakumana nawo ku tchalitchi kapena ku chigayo, inu simukudziwa kanthu.

Chimanga musathamangire kuthira m'matumba, chiume kaye bwinobwino pa mkeka. Mankhwala a anankafumbwe mukagule m'sitolo ku Zomba, osati aja a m'mabotolo a pa msika wa Namadzi, chaka chatha anatipusitsa. Kuno kapaketi ka ufa ka makilo awiri mtengo wake mungagule nkhuku ndi tomato wake, ndiye tikudya mbatata ya kachewere tsiku ndi tsiku.

Luso mumuuze kuti chithunzi cha droni ndimutumizira.

Ndine mwamuna wanu,
Yotamu


Newcastle
25 Meyi 2025

Okondedwa amake Luso,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti amayi BP yatsika. Mapiritsi asasiye ngakhale akumva bwino, mukudziwa mmene amachitira. Ine chimfine chinatha.

A Mayeso alandira kalata ya boma. Awapatsa masiku 60 kuti apeze kampani ina yowalemba, apo ayi abwerere kumudzi. Alembera malo oposa makumi atatu. Ena sayankha, ena amati tadzaza. Masana amakhala m'chipinda osatsegula katani kuopa kuti aneba angawaone. Ndikabwera kuntchito ndimapeza atsuka mbale zimene zinali zotsuka kale.

Dzulo ndinawatenga kunyanja kuti akapitidweko mphepo. A Thompson sanakane, anati azitithandiza kunyamula mabatire. Titafika, madzi anali ataphwa. A Thompson anatichenjeza kuti mchenga umenewo ndi wopusitsa. Madzi sayambira kutsogolo kwako ayi, amayamba adzaza tingalande ta kumbuyo, ukamatembenuka upeza waima pachilumba, ndipo chilumbacho chikuchepa. Anati ali mwana anaona hatchi ndi ngolo yake zikupita choncho. A Mayeso anamvetsera kwambiri. Anafunsa kuti zimatenga nthawi yaitali bwanji, a Thompson n'kuwayankha kuti munthu sangamalize kusuta ndudu ziwiri.

Kenako droni inakwera, ndipo a Thompson anaiimika pamwamba pathu kuti alendo adzione. Pa sikirini tinali timadontho titatu, kalikonse ndi mthunzi wake wautali. A Mayeso anayang'ana kwa nthawi, n'kunena kuti, "Ngati Mulungu amationa chonchi, n'chifukwa chake ena amatiphonya."

Ndinawauza kuti asamayankhule choncho. Iwo anaseka, n'kufunsa ngati makinawo amayezanso anthu. A Thompson anati kompyuta sinaphunzitsidwe za anthu, imadziwa nsomba zokha, koma ukafuna utha kukoka mzere ndi chala pa sikirini. Basi a Mayeso anakagona chagada pamchenga wonyowawo, manja m'mbali, miyendo pamodzi. Ine ndinakoka mzere kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. Masentimita 168. Anati pa pasipoti analembetsa 170, ndiye ndisawaulule. Aka kanali koyamba kuwamva akuseka chifikireni. Koma ine sindinakonde mmene anagonera, ndipo anachedwa kudzuka. Droni itatera iwo anali chigonere, maso ali kumwamba.

Pobwerera kunagwa nkhungu yochokera kunyanja. Kuno imabwera dzuwa likuwala, ngati munthu wakoka nsalu.

Mwanena kuti amake Kondie akudandaula kuti mwezi uno sanalandire kanthu. Mwa zimene ndatumiza, patulani pang'ono muwagulire shuga ndi sopo, munene kuti ndi zanu. Nsapato za Luso mugule zokulirapo, phazi lake silikudikira munthu. Denga la khitchini lisiyeni mpaka Ogasiti, tidzaona.

Landilodi wayamba kubwera pafupipafupi, akuti akuona mapaipi.

Ndine wanu,
Yotamu


Newcastle
15 Juni 2025

Amake Luso,

Ndili bwino. Pepani kuti ndakhala chete. Kuno tsopano dzuwa silikufuna kulowa, mpaka teni koloko kunja kuli mbee, folo koloko kwacha kale. Tulo sitikubwera bwino.

Mwafunsa za a Mayeso. Anachoka pa 3 Juni, Lachiwiri. Anati akupita ku Liverpool, kuli anyamata ena a kwathu amene angawapezere pogona. Sitinakangane. Foni yawo nanenso sindikuipeza, mwina asintha nambala. Amake Kondie akabweranso muwauze zomwezo, kuti ali ku Liverpool. Zinazo ndidzakufotokozerani.

Kuntchito kwachitika kanthu kena kamene kakundivuta kukachotsa m'mutu. Nsomba zija zimayenda momwazikana, zina uku zina uko, zikudya pansi. Koma mu vidiyo ya Lachinayi pa 5 ndinaziona zitasonkhana malo amodzi, zoposa mazana awiri. Zinapanga bwalo, mitu yonse italoza pakati, ngati mmene anthu amaimira kumanda. Sizinkadya. Zinkangogwedeza michira kuti madzi asazikokolole. Pakati pa bwalolo panali mpata, ndipo mumpatamo munali chinthu chakuda, chachitali, chosasuntha. Kompyuta inachizinga ndi kabokosi n'kulemba kuti nsomba yosadziwika. Pambali inalemba muyeso wake.

Amake Luso, inalemba 168.

Ndinaitana a Thompson. Anayang'ana n'kunena kuti ndi sili, nyama ina ya m'nyanja yonga katumbu wamkulu. Ndinawafunsa ngati nsomba zimazungulira nyama imene imazidya. Anati ndiye ndi chipika, mitsinje imabweretsa zambiri. Anandiuza kuti ndidine ndipitirize, mavidiyo adakali ambiri ndipo amene anatipatsa ntchito akudikira lipoti. Ndinadina. Si nsomba. Kabokosi kanafufutika.

Lachisanu chinaliponso. Lolemba chinaliponso. Tsiku lililonse limene taulutsa droni madzi atadzaza, chilipo, nsomba zitachizinga, muyeso womwewo osasintha ngakhale ndi sentimita imodzi. Koma madzi akaphwa malowo amakhala poyera, ndipo ndapitapo ndi miyendo yanga. Palibe chipika. Pali mchenga wosalala ngati pozira.

Mwina ndi kusagona. Musawauze amayi, angayambe kuyenda kwa anthu.

Nandolo akayamba kukhwima musalole mavenda akunyengerereni adakali m'munda. Chiperoni chayamba, Luso azivala juzi popita kusukulu ngakhale akane. Mbuzi ija yotsokomola muipatule.

Mundipempherere.

Yotamu


Newcastle
22 Juni 2025

Amake Luso,

Moni. Thupi lili bwino.

Lachitatu ndinawakakamiza a Thompson mpaka anavomera kuti tikachione madzi alipo. Ndikuganiza kuti anangofuna kuti ndisiye kuwavutitsa. Anavala buluku lawo la labala lofika pachifuwa, anatenga ndodo ndi ovaova yoti tiziyankhulirana, n'kundisiyira droni itaima m'mwamba pamalo pomwepo. Ine ndinatsala pamtunda ndi sikirini kuti ndiziwalondolera. Inali leveni koloko m'mawa, dzuwa lili phwee, anthu akuyendetsa agalu awo kumbuyo kwanga.

Ndinawaona akulowa mu sikirini, kadontho ka chipewa chofiira. Madzi anali m'chiuno. Nsomba za kuno n'zamantha, mthunzi wa mbalame wokha zimabalalika. Koma iwo atafika pa bwalo lija, zinangopatuka pang'ono n'kuwapatsa njira, iwo atadutsa n'kutsekanso. Ndinawauza kuti apite patsogolo mapazi atatu, kenako kumanzere. Anaima. Chinthucho chinali pambali pa mwendo wawo, moti akanawerama akanachigwira.

Pafupi ndi munthu wamoyo m'pamene ndinachiona bwino. Chinali ndi mapewa.

Ndinati, "Chili pomwepo, kumanzere kwanu."

Anabaya ndi ndodo. Pa sikirini ndinaona ndodoyo ikulowa pakati penipeni pa chinthucho. Mawu awo anamveka pa ovaova akuti palibe kanthu, ndi mchenga, akuona mpaka nsapato zawo. Anabayanso kawiri. Kenako anangoima pomwepo. Nditawafunsa ngati ali bwino, anati madzi a pamenepo ndi ozizira kuposa ena onse amene adutsamo, ndipo nsomba zikuwayang'ana.

Anatuluka mofulumira kuposa mmene analowera. Atafika pamtunda ndinawabwezera vidiyo kuti adzionere okha. Anaionera kawiri. Anapakira droni m'bokosi lake ntchito tisanamalize, ndipo m'galimoto anandifunsa funso limodzi lokha: mnzako uja anagona pamchenga ali kuti masiku ano?

Ndinati ali ku Liverpool.

Ndaimbira anyamata a ku Liverpool, atatu. Palibe amene wawaona. Mmodzi anati sanaimbe n'komwe kunena kuti akubwera.

Za njerwa mwafunsazo, chitani mmene mukuonera. Mutu wanga suli pamenepo.

Yotamu


Newcastle
29 Juni 2025

Amake Luso,

Kalata ino muwerenge muli nokha.

Uthenga wanu wa Lachinayi ndi umene wanditsegula maso. Mwati amake Kondie anabwera akusangalala kuti foni ya amuna awo yawaimbira pa 19, kungoti sanamve mawu, ankangomva ngati mphepo kapena madzi, kenako inaduka. Nditawerenga ndinagwada n'kusuzumira pansi pa bedi, pamene ndimaika sutikesi yanga. Kuseri kwake kunali chikwama cha a Mayeso. Masabata atatu onsewa ndakhala ndikugona pamwamba pake. Munali zovala zopindidwa bwino, Baibulo, kalata ya boma ija, pasipoti, ndi foni. Foniyo inali yozima, batire litatheratu. Sindikudziwa chimene chinawaimbira amake Kondie. Musandifunse.

Ndinakunamizani. Ndinati sitinakangane, ndipo n'zoona, koma si zonse. Lamulungu pa 1 Juni landilodi analowa n'kupeza matiresi pansi. Anati pofika Lachisanu achoke mmodzi, apo ayi tichoke tonse. Ndinaganiza za viza yanga, za inu, za Luso. Lolemba tikudya ndinati, "Achimwene, mwayesako kufunsa anyamata a ku Liverpool?" Anaika supuni pansi. Anati, "Musadandaule, ndamva." Za Liverpool zinachokera pakamwa panga, iwo sanazitchulepo. M'mawa mwake ndikupita kuofesi anandipempha jekete yanga yabuluu, ati kunja kukuzizira. Ndinawapatsa, ndipo mumtima ndinapepukidwa kuti nkhani yatha popanda phokoso.

Lachisanu ndinapita kuofesi n'kutsegula vidiyo ya pa 3 Juni. Tsiku limenelo a Thompson anapita okha kunyanja, ine ndinaionera mawa lake n'kuivomereza kuti ili bwino. Droni ikamagwira ntchito imayenda yokha m'mizere, kupita n'kubwerera, ngati munthu akupalira. Ndinaionera pang'onopang'ono, osayang'ana nsomba. Pa mzere wachisanu ndi chiwiri, pakona ya sikirini, pali munthu. Akuyenda pamchenga kulowera kunyanja, nsapato zili m'manja, wavala jekete yabuluu. Kumbuyo kwake kangalande kadzaza kale. Sakuthamanga, sakutembenuka. Amaoneka masekondi anayi, droni n'kupitirira. Pamene imabwerera pa mzere wotsatira, patapita mphindi zisanu ndi imodzi, pamalopo pali madzi okhaokha.

Kompyuta sinamuzinge ndi kabokosi. Ine ndinali ndi maso, ndipo ndinaionera vidiyo imeneyi ndikumwa tiyi. Ndinawerenga nsomba 311.

A Thompson anandiperekeza kupolisi. Tinapereka vidiyo ndi chikwama. Wapolisi wamkazi anandifunsa chifukwa chimene ndadikirira masabata atatu. Za chinthu chija a Thompson anamuonetsanso, iye analemba m'kabuku, koma ndinaona kuti akungotilemekeza. Anafunsa nambala ya amake Kondie. Ndapereka. Awaimbira mawa kuwauza kuti amuna awo akusowa.

Akadzabwera kwa inu, adzadziwa kuti munkadziwa za ntchito ija. Ndine ndinakuikani pamenepo. Mundikhululukire.

Yotamu


Newcastle
13 Julaye 2025

Okondedwa amake Luso,

Kalata yanga yapita ija simunayankhe. Ndaona kuti munaitsegula. Sindikukudandaulani. Mlongo wanga ndi amene wandiuza kuti muli bwino nonse, komanso kuti amake Kondie anakubwezerani shuga ndi sopo pakhomo pa tchalitchi, anthu akuona. Manyazi amenewo anayenera kukhala anga.

Apolisi ndi boti la opulumutsa anthu anafufuza masiku atatu. Sanapeze kanthu. Akuti madzi a pamenepo amakokera pakati pa nyanja, mwina sadzapezeka. Abusa a mpingo wathu wa kuno anabwera ndi anthu asanu, tinapemphera pamchenga, azungu oyendetsa agalu akutipatuka.

Chinthu chija chikadalipo. A Thompson anatumiza vidiyo kwa anthu ophunzira, iwo anayankha kuti mwina ndi mthunzi wa kadzenje ka mumchenga. Koma kadzenje sikayenda. Droni imasunga malo enieni a chilichonse chimene yajambula, ndiye ndinatenga masiku onse kuyambira pa 5 Juni n'kuika timadontho pa mapu. Tsiku lililonse chimasuntha pang'ono, mapazi khumi, mapazi makumi awiri. Sichikupita kunyanja ayi. Chikukwera kulowera kumtsinje, motsutsana ndi madzi, mumzere wowongoka ngati wokoka ndi lula. Nsomba zikupita nacho.

Ndinapitiriza mzerewo ndi pensulo. Ukuthera pa mizati yakuda ya doko lakale limene linagwa kalekale, tsidya lina la mtsinje.

Ndasiya kudina. Kabokosi kakabwera ndimangokasiya. A Thompson aona, akungondisiya.

Chakudya sichikulowa. Luso mumupsompsone.

Yotamu


Newcastle
27 Julaye 2025

Okondedwa amake Luso,

Zikomo chifukwa cha mawu anu a Lachiwiri, ngakhale anali ochepa. Ndinawamvera kangapo. Ine ndilipo.

A Mayeso apezeka.

Lachinayi chinthu chija chinafika pa mizati n'kuima. Nsomba zinali zambiri kuposa tsiku lina lililonse, madzi ochita kuda nazo. Lachisanu m'mawa madzi anaphwa kwambiri, monga amachitira mwezi ukakhala watsopano. A Thompson anabwereka boti kwa mnzawo, tinawoloka awiri. Pansi pa mizatiyo pali matcheni akale ndi zingwe zimene madzi amabisa masiku ena onse. Ine ndinaona jekete. A Thompson anandigwira phewa n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane kumtunda, iwo n'kuimba foni. Tinadikira pamenepo mphindi makumi anayi, boti likugunda mzati.

Apolisi akuti mmene zingwe zinawakolera, akhala pamenepo kuyambira tsiku loyamba kapena lachiwiri. Sanasunthepo. Ndinafunsa wapolisi wamkazi uja kuti nanga chimene takhala tikuchiona chikuyenda masabata asanu ndi awiri n'chiyani. Anandiyang'ana, n'kundifunsa ngati ndili ndi munthu woti akhale nane kunyumba.

Dzulo tinaulutsanso droni, poti lipoti likufunikabe. Inayenda mizere yake yonse. Kabokosi sikanabwere ngakhale kamodzi. Panalibe chinthu chija, panalibenso nsomba, ngakhale imodzi. A Thompson akuti zaka zonse zimene akhala pa mtsinje umenewu sanaonepo madzi opanda kanthu mu Julaye. Tinalemba ziro.

A Malawi a kuno, a ku Bolton ndi a ku Liverpool ayamba kale kusonkha kuti thupi libwere kumudzi. A Thompson nawonso aponyapo, ndipo apempha kuti adzanyamule nawo bokosi popita ku bwalo la ndege. Zipepala zitenga masabata angapo. Ndapempha tchuthi, ndidzabwera nawo ndine mpaka pa Chileka. Ndikadzafika ndidzakhala pansi pamaso pa abale awo n'kunena ndekha zimene ndinanena tikudya tsiku lija. Zimenezo musandinyamulire, ndi katundu wanga.

Koma pali chimodzi chimene sindingathe kuchita ndili kuno. Apolisi akufuna atsimikize kaye ndi madokotala, ndiye adzaimbira amake Kondie Lachiwiri masana. Adzayankhula Chingerezi chawo chothamanga chija, pa netiweki yoduladula, kwa munthu amene mwina adzakhala ali yekha kumunda kapena pa mjigo.

Mawa m'mawa mupite kwa amalume awo a Mayeso, aja a kuseri kwa sukulu. Muwauze zonse. Iwo adziwa mmene angachitire monga mwa mwambo. Mutengenso amayi awiri a Mvano, ndipo Kondie wina ayambe wamutengera kwa aneba. Ndikudziwa kuti pakhomo paja simukufunidwa. Mwina sakupatsani mphasa, mwina akutukwanani anthu akumva. Pitanibe. Musayambe kuyankhula muli chiimire, ndipo mukhale pafupi nawo.

Ndikufuna amve kuchokera kwa munthu amene angawagwire akamagwa.

Ndine mwamuna wanu,
Yotamu